Ybor City: Mudzi Umene Antchito Ankadzilembera Okha Mphunzitsi

Anthu ambiri akamva za mbadwa za ku Cuba zimene zimakhala m'dziko la United States of America, maganizo ao amathamangira ku mzinda wa Miami, kumene kuli dera lotchuka lija la Little Havana. Deralo lidadzaza ndi anthu othawa kwao kuyambira m'chaka cha 1959, pamene Fidel Castro adatenga boma. Koma zaka zoposa 70 izi zisanachitike, anthu ena a ku Cuba adali atamanga kale mudzi wao m'chigawo chomwecho cha Florida, m'mphepete mwa tauni ya Tampa. Dzina la mudziwo ndi Ybor City, ndipo eni ake potchula amati "Ibor".

Mudzi umenewu udakula chifukwa cha fodya, ndipo udazilala pamene ntchito ya fodya idalowa pansi. Mbiri yake ili ndi phunziro kwa aphunzitsi ndi kwa achinyamata amene atuluka kumene m'sukulu, chifukwa cha mwambo wina umene udali m'mafakitale ake. Antchito, ena mwa iwo osadziwa ngakhale kulemba dzina lao, ankasonkha ndalama za m'thumba mwao ndi kulemba ntchito munthu woti azikhala pansanja ndi kumawawerengera manyuzipepala ndi mabuku, iwo manja ali pa fodya. Zimene anthuwa adamva kuchokera pansanjapo zidathandiza kumasula dziko lao ku ulamuliro wa atsamunda, ndipo pomalizira pake zidawadanitsa ndi mabwana ao.

Nkhondo ndi msonkho

Cuba ndi chilumba chachikulu chimene chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kumwera kwa Florida. Kwa zaka pafupifupi 400 chilumbachi chidali m'manja mwa atsamunda a ku Spain. Chidatchuka ndi nzimbe ndiponso ndi fodya wake, amene ankapangira ndudu zikuluzikulu zotchedwa cigar. Ndudu zamtunduwu sazikulunga m'pepala ai, koma m'tsamba la fodya lomwelo, ndipo m'masiku amenewo zonse ankazipichira pamanja.

Mmodzi mwa eni mafakitale a ndudu mu mzinda wa Havana adali Bambo Vicente Martinez Ybor, amene adabadwira ku Valencia m'dziko la Spain m'chaka cha 1818, nafika ku Cuba akali mnyamata. M'chaka cha 1868 anthu a ku Cuba adayamba nkhondo yofuna ufulu wodzilamulira, imene idatenga zaka 10. Boma la atsamunda lidaganizira Bambo Ybor kuti ankathandiza oukirawo, kotero kuti m'chaka cha 1869 iwo adathawira ku kachilumba ka Key West, kumapeto kwenikweni kwa Florida, namanga fakitale yao kumeneko. Padalinso chifukwa china chimene chinkakokera eni mafakitale kutsidya la nyanja. Boma la America linkalipitsa msonkho waukulu pa ndudu zopangiratu zochokera kunja, koma msonkho wa fodya wamasamba udali wochepa. Munthu wochenjera adaona kuti kudali kwaphindu kuoloka ndi fodya pamodzi ndi amisiri ake, ndi kukapichira ndudu m'dziko la ogulawo.

Key West sidawasangalatse kwa nthawi yaitali. Malo adali ochepa, madzi akumwa adali osowa, njanji kudalibe, ndipo antchito ankanyanyala ntchito kawirikawiri. Mnzao wina, Bambo Gavino Gutierrez, amene adapita ku Tampa kukafunafuna magwafa a malonda, adabwerako ndi mbiri ya malo abwino. Tampa panthawiyo idali kamudzi chabe: kalembera wa m'chaka cha 1880 adapezamo anthu 720 okha. Koma njanji ya Bambo Henry Plant idali itafikako m'chaka cha 1884, doko lidalipo loti sitima zapamadzi zizibwera ndi fodya kuchokera ku Havana, ndipo mpweya wakumeneko udali wachinyezi, woti tsamba la fodya silithetheka m'manja mwa mmisiri.

M'chaka cha 1885 Bambo Ybor adagula maekala 40 a mchenga ndi madambo kumpoto chakum'mawa kwa Tampa, malo a udzudzu ndi ng'ona, ndipo Bambo Gutierrez adalemba mapu a misewu yake. Pofuna kuti amisiri asamangobwera ndi kubwerera, Bambo Ybor adamangitsa tinyumba tamatabwa tambirimbiri, namatigulitsa kwa antchito pa mtengo wotsika, wolipira pang'onopang'ono. Ndudu zoyamba zidatuluka m'chaka cha 1886, ndipo m'chaka chomwecho moto waukulu udapsereza mbali yaikulu ya Key West, nuchititsa kuti eni mafakitale ena ndi antchito ao asamukirenso ku mudzi watsopanowu. Tauni ya Tampa idaulowetsa m'malire ake m'chaka cha 1887, ndipo pofika 1900 anthu a mu Tampa adali atapitirira 15,000.

Obwerawo sadali a ku Cuba okha. Kudafika anthu a ku Spain, makamaka a m'zigawo za Asturias ndi Galicia; kudafika amphawi a pa chilumba cha Sicily m'dziko la Italy, amene poyamba ankapatsidwa ntchito zonyozeka monga kusesa ndi kunyamula katundu; kudafikanso Ayuda a ku Romania amene adatsegula masitolo, ndi Majeremani ena amene ankasindikiza zithunzi zomata pa mabokosi a ndudu. Koma chinenero cha mumsewu ndi cha m'fakitale chidali Chisipanishi, ndipo miyambo yapantchito idali ya ku Havana.

Munthu wa pansanja

Fakitale ya ndudu idali nyumba yaitali ya njerwa, kawirikawiri yosanjikizana katatu, yokhala ndi mazenera ambiri kuti kuwala kulowe. M'chipinda china amai ankachotsa msempha wapakati pa tsamba lililonse. M'chipinda china akatswiri ankasankha masamba monga mwa mtundu ndi maonekedwe ake. Koma mtima wa fakitale udali holo yaikulu m'mene amisiri mazanamazana ankakhala m'mizere, aliyense ndi thabwa lake ndi kampeni kake kaphanthiphanthi kotchedwa chaveta. Luso lopichira ndudu munthu ankaliphunzira kwa zaka, ndipo malipiro ankawerengera kuchuluka kwa ndudu zimene wapanga. Amisiriwa ankadzilemekeza kwambiri. Ankabwera kuntchito atatchena, ankamwa khofi ali pamalo pao, ndipo kapitao sankayerekeza kuwalankhula mwachipongwe.

Ntchito imeneyi idali ya manja ndi maso okha. Makina mudalibe, phokoso mudalibe, ndipo makutu ndi maganizo a mmisiri adali opanda chochita tsiku lonse. Apa ndi pamene padalowera munthu wotchedwa lector, ndiye kuti wowerenga. Mwambowu udayambira ku Havana m'chaka cha 1865 m'fakitale ya El Fígaro, ndipo atsamunda adauopa msanga, nauletsa chaka chotsatira. Koma amisiri adaoloka nao nyanja, ndipo mu Ybor City udakhazikika m'fakitale iliyonse yaikulu.

Wowerenga ankakhala pa mpando pamwamba pa nsanja yamatabwa imene idamangidwa pakati kapena m'mbali mwa holo. Popeza zokuzira mau kudalibe, iye ankayenera kukhala ndi liu lomveka mpaka ku mzere wotsiriza. Ankayeneranso kudziwa kusintha mau ake, kuti nkhalamba ya m'nthano imveke ngati nkhalamba, ndi namwali amveke ngati namwali. Mwini fakitale sankamlemba ntchito, ndipo sankamlipira. Antchito eni ake, kudzera m'komiti yao, ankaitana ofuna ntchitoyo kuti awerenge pamaso pa onse, nasankha amene wawagwira mtima. Pakutha pa sabata aliyense ankaponya chopereka chake, kawirikawiri masenti 25, ndipo m'fakitale ya anthu ambiri ndalamazo zinkakwanira kuti wowerenga akhale mmodzi mwa anthu olemekezeka m'mudzimo.

Tsiku linkagawidwa mwadongosolo. M'mawa wowerenga ankayamba ndi nkhani za m'manyuzipepala a ku Tampa, Havana ndi Spain. Ena mwa owerengawo adali akatswiri oti ankagwira nyuzipepala ya Chingerezi m'manja ndi kumaimasulira m'Chisipanishi pomwepo, osadodoma. Kenaka zinkabwera nkhani za mabungwe a antchito a m'maiko osiyanasiyana ndi zolemba za anthu oganiza mozama pa za chuma ndi ndale. Masana ndiyo idali nthawi imene onse ankaiyembekeza, nthawi ya buku la nthano. Bukulo ankalisankha mwa voti, ndipo linkawerengedwa gawo lero, gawo mawa, monga momwe nkhani zotsatizana zimatulukira m'nyuzipepala. Mwa njira imeneyi anthu amene sadapite patali ndi sukulu adamva kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto mabuku monga Don Quixote la Cervantes, Les Misérables la Victor Hugo, ndi nthano za Alexandre Dumas ndi Émile Zola. Ndime ikawakomera, manja sankaomba chifukwa adali otanganidwa. Ankagogoda timipeni tao tija pa matabwa, holo yonse n'kuchita phokoso ngati la matalala padenga la malata.

Zowerengedwazo sizinkathera m'fakitale. Madzulo mmisiri ankakafotokozera a pabanja pake pakhonde pamene nthano yafika tsikulo, ndipo m'nyumba zomwera khofi anthu ankatsutsana za khalidwe la anthu a m'bukumo ngati kuti ndi anansi ao. Nthawi zina mikangano inkabuka posankha buku, ena ponena kuti buku lakutilakuti siloyenera kumvedwa ndi amai. Ngakhale owerenga ambiri adali amuna, mai wina wa ku Puerto Rico, Luisa Capetillo, amene ankamenyera ufulu wa antchito ndi wa amai, adakwerapo pansanja mu Ybor City cha m'ma 1913.

Mlendo wochokera ku New York

Pakati pa zolemba zimene zinkamveka kuchokera pansanja padali za José Martí, mlakatuli ndi mtolankhani amene adabadwira ku Havana m'chaka cha 1853. Atsamunda adamtsekera m'ndende akali mnyamata wa zaka zosakwana 20, nampirikitsa m'dzikomo, ndipo kwa zaka zambiri adakhala ku New York akulemba ndi kulankhula za ufulu wa Cuba. Amisiri a fodya adamdziwa ndi makutu asanamuone ndi maso. Adamuitana, ndipo iye adafika ku Tampa mu November 1891, nalankhula mu holo ya Liceo Cubano pa 26 ndi pa 27 mwezi womwewo. Uthenga wake udali wakuti Cuba wa mawa ayenera kukhala wa onse, akuda ndi oyera, olemera ndi osauka, ndi kuti nkhondo yomenyedwa ndi anthu ogawikana sidzaphula kanthu.

Anthu a mu Ybor City adamvetsa msanga chifukwa nkhani zotere sizidali zachilendo kwa iwo. Chipani cha Partido Revolucionario Cubano chitakhazikitsidwa m'chaka cha 1892, amisiri a ku Tampa ndi a ku Key West ndiwo adakhala msana wake. Ambiri ankapereka malipiro a tsiku lathunthu kuti agulire zida, ndipo tsikulo ankalitcha tsiku la dziko lao. Martí adabwerera ku Tampa maulendo ambiri, ndipo chithunzi chake chilipo chimene adajambulidwa ataima pa makwerero achitsulo a fakitale ya Bambo Ybor, atazunguliridwa ndi antchito.

Pa ulendo wina, kumapeto kwa chaka cha 1892, adani ake adamthirira poizoni m'chakumwa. Amene adamsamala mpaka kuchira adali Mai Paulina Pedroso ndi amuna ao Bambo Ruperto Pedroso, banja la anthu akuda a ku Cuba limene lidali ndi nyumba yogona alendo m'mudzimo. Kuyambira pamenepo Martí akafika ku Tampa ankafikira kwa banjali, ndipo anthu amasimba kuti Bambo Pedroso ankagona pakhomo pa chipinda chake kumlondera. M'chigawo chimene malamulo ndi miyambo zinkalekanitsa akuda ndi oyera, mtsogoleri woyera kugona m'nyumba ya munthu wakuda lidali phunziro loposa malankhulidwe ake onse.

Nkhondo idayamba pa 24 February 1895. Anthu akumeneko amasimba kuti kalata yolamula kuti nkhondo iyambe idaoloka nyanja itakulungidwa m'kati mwa ndudu yopichiridwa ku West Tampa. Martí adaphedwa pa nkhondoyo ku Dos Ríos pa 19 May chaka chomwecho. M'chaka cha 1898 America idalowerera, ndipo asilikali ake ambiri adakwerera sitima pa doko la Tampa. Spain idagonja, ndipo Cuba idakhala ndi boma lakelake m'chaka cha 1902. Ena mwa amisiri adabwerera kwao, koma ambiri adatsala, popeza ana ao adali atabadwira mu Ybor City ndipo ntchito idali komweko.

Mutu umodzi susenza denga

Mlendo akadwala kudziko la eni amasowa pogwira. Anthu a mu Ybor City adaona zimenezi msanga, makamaka pamene nthenda ya yellow fever, yofalitsidwa ndi udzudzu, idagwa mu Tampa m'chaka cha 1887. Nzeru yomwe ija yosonkherana polipira wowerenga adaigwiritsanso ntchito pa matenda ndi maliro. Mtundu uliwonse udakhazikitsa bungwe lake lothandizana: Centro Español m'chaka cha 1891, L'Unione Italiana mu 1894, ndipo Centro Asturiano ndi Círculo Cubano mu 1902. Membala ankapereka kandalama kochepa sabata iliyonse, ndipo akadwala ankaonana ndi dotolo, kulandira mankhwala ndi chithandizo cha ndalama mpaka atachira. Akamwalira bungwe linkayendetsa maliro. Mabungwe awiri a anthu a ku Spain adafika pomanga zipatala zaozao. Madotolo ena a mu Tampa adaipidwa nazo, nayamba kusala anzao amene ankagwira ntchito m'mabungwewa, chifukwa ankati akutsitsa mtengo wa udotolo.

Nyumba za mabungwewa zidali zazikulu ndi zokongola kuposa nyumba za mamembala ake. Mudali malaibulale, maholo a zisudzo ndi ovinira, makalasi a madzulo, ndi zipinda m'mene amuna ankasewera domino ndi kumwa khofi wa mkaka. Nyumba ya Círculo Cubano imene idamangidwa m'chaka cha 1917, yoyamba itapsa ndi moto, ilipobe mpaka lero.

Koma pa nkhani ya mabungwe yomweyi ndi pamene loto la Martí lidasweka. M'fakitale mmisiri wakuda ndi woyera ankakhala mzere umodzi, namalandira malipiro ofanana pa ndudu zofanana. Nkhondo itatha adayambitsa kalabu imodzi ya anthu onse a ku Cuba. Koma Florida idali m'chigawo chakumwera cha America, kumene malamulo a tsankho ankalimba chaka ndi chaka, ndipo cha m'ma 1900 anthu akuda adapezeka ali kunja kwa kalabuyo. Iwo adakhazikitsa bungwe lao, limene pambuyo pake lidatchedwa La Unión Martí-Maceo. Dzinali lidali chidzudzulo pa lokha, chifukwa lidaphatikiza Martí, woyera, ndi Kazembe Antonio Maceo, ngwazi yakuda ya nkhondo za ufulu imene idaphedwa m'chaka cha 1896. Ana a mabanja akudawa ankapita ku sukulu zosiyana ndi za ana a anzao, ndipo akadwala ankagonekedwa kosiyana. Anthu amene adasonkhera limodzi mfuti zomasulira dziko limodzi sankathanso kuvina mu holo imodzi.

Kugwetsedwa kwa nsanja

Bambo Ybor adamwalira m'chaka cha 1896, ndipo posakhalitsa makampani akuluakulu a kumpoto kwa America adayamba kugula mafakitale. Mabwana atsopanowa ankafuna kuwerengera tsamba lililonse ndi mphindi iliyonse. M'chaka cha 1899 adabweretsa masikelo oyezera fodya amene mmisiri aliyense ankalandira. Amisiri adaona kuti akuyesedwa akuba, nanyanyala ntchito mpaka masikelowo adachotsedwa. Kumeneku kudali kupambana kwao kwakukulu kotsiriza. Pa sitalaka ya m'chaka cha 1901 anthu ena olemera a mu Tampa adagwira atsogoleri 13 a antchito usiku, nawakweza sitima ndi kukawataya pa gombe la dziko la Honduras. Pa ya m'chaka cha 1910 gulu la anthu lidalanda Ataliyana awiri m'manja mwa apolisi ndi kuwapachika pamtengo. Ya m'chaka cha 1920 idatha miyezi 10, antchito nagonja ndi njala.

Pa mikangano yonseyi eni mafakitale ankaloza chala munthu wa pansanja. Iwo ankati ndiye amadzala maganizo oukira m'mitu ya antchito. Antchito ankayankha kuti wowerenga sasankha yekha chowerenga: amene amasankha ndi iwo, amene amalipira ndi iwo, ndipo makutu ndi aoao. Sitalaka ya 1920 itatha owerenga adachotsedwa, koma adabwezedwa patapita zaka zingapo. Ntchito ya ndudu idafika pachimake m'chaka cha 1929, pamene mafakitale a mu Tampa adapanga ndudu pafupifupi 500 miliyoni. Chaka chomwecho chuma cha America chidagwa, anthu ambiri adachotsedwa ntchito, ndipo pansanja padayamba kumveka kwambiri manyuzipepala a chikomyunizimu. Mu November 1931 eni mafakitale adagwirizana, nagwetsa nsanja zonse. Antchito zikwizikwi adanyanyala ntchito kuti owerenga ao abwerere, koma adalephera. M'mafakitale ena, pamalo pa munthu uja padaikidwa wailesi.

Ngakhale mabwana akadapanda kuchita zimenezi, masiku a wowerenga adali owerengeka. Makina opangira ndudu adali atafika, ndipo ankapanga zambiri pa mtengo wotsika, mogwiritsa ntchito anthu ophunzitsidwa masabata owerengeka chabe. Pa phokoso la makina liu la munthu silikadamveka. Osuta ambiri nawonso adali atatembenukira ku ndudu zazing'ono zapepala, zimene zidali zotsika mtengo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anyamata a mu Ybor City amene adabwerako ku usilikali adapeza ngongole za boma zomangira nyumba zatsopano kunja kwa mudziwo, nasamuka. M'chaka cha 1962 America idaletsa malonda ndi Cuba, ndipo fodya wa ku Havana, amene adali chifukwa chenicheni chomangira mudziwo, adaleka kubwera. M'zaka zomwezo msewu waukulu wa Interstate 4 udadula mudziwo pakati, ndipo kuyambira 1965 boma lidagumula nyumba mazanamazana ponena kuti likukonzanso mzinda. Zambiri mwa zimene lidalonjeza kumanga sizidamangidwe, ndipo malo adakhala apululu kwa zaka. Holo yakale ya La Unión Martí-Maceo idali m'gulu la zogumulidwazo.

Zimene zatsala

Chimene chidapulumutsa mbali yotsalayo ndi anthu amene adaona kuti nyumba zakalezo zili ndi mbiri. M'chaka cha 1990 boma la America lidaika Ybor City m'kaundula wa malo ofunika kwambiri pa mbiri ya dzikolo. Lero msewu wake waukulu, Seventh Avenue, umene akale ankautcha La Séptima, ndi wa malo odyera, malo achisangalalo ndi timasitolo m'mene alendo amaonerera munthu akupichira ndudu pamanja. Mafakitale ambiri adasanduka maofesi ndi nyumba zogonamo. Fakitale yaikulu imene ikupangabe ndudu ndi ya banja la J.C. Newman, m'nyumba ya wotchi yotchedwa El Reloj. Nkhuku zimayendayenda m'misewu mwaufulu, ndipo lamulo la mzinda limaziteteza.

Chikhalidwe cha mudziwo chatsala kwambiri m'zakudya. Malo odyera a Columbia, amene adatsegulidwa m'chaka cha 1905 ngati kanyumba komwera khofi ka amisiri, akugwirabe ntchito. Bekale ya La Segunda, ya m'chaka cha 1915, ikuphikabe buledi wautali wa ku Cuba amene amamuika katsamba ka kanjedza pamwamba asanamlowetse mu uvuni. Kale pakhomo pa nyumba iliyonse padali msomali, ndipo mnyamata wogawa buledi m'mamawa ankangombaya pamsomalipo n'kumapita. Ngakhale sangweji yotchuka yakumeneko imafotokoza za anthu amene adamanga mudziwo: anthu amati nkhumba yootcha ndi ya a ku Cuba, nyama yofutsa ndi ya a ku Spain, soseji ya salami ndi ya Ataliyana, ndipo tchizi ndi mpiru wopera ndi za Majeremani ndi Ayuda.

Pamalo pamene padali nyumba ya a Pedroso pali kapaki kotchedwa Parque Amigos de José Martí, kokhala ndi chiboliboli cha Martí ndi dothi lochokera m'zigawo za Cuba. Malowa adaperekedwa ku boma la Cuba m'chaka cha 1956, ndipo akhalabe a dzikolo m'zaka zonse za udani wa maiko awiriwa. Bungwe la La Unión Martí-Maceo nalonso silidafe. Zidzukulu za amisiri akuda aja zikulisungabe.

Za owerenga, ku Cuba mwambowu udapitirira ndipo m'mafakitale a ndudu a ku Havana mukumvekabe liu la wowerenga. Ku Tampa nkhani yao idakumbukiridwa m'sewero la Anna in the Tropics, la Nilo Cruz, limene lidapata mphotho ya Pulitzer m'chaka cha 2003. Koma chikumbutso chao chamoyo ndi nyuzipepala. Bambo Victoriano Manteiga, amene adachoka ku Cuba m'chaka cha 1913 kudzagwira ntchito ya uwerengi m'fakitale, adayambitsa nyuzipepala ya La Gaceta m'chaka cha 1922. Banja lao likuisindikizabe sabata ndi sabata, m'zinenero zitatu: Chisipanishi, Chingerezi ndi Chitaliyana.

Amisiri a mu Ybor City sadalandire satifiketi iliyonse pa zimene adamva kwa zaka 45 kuchokera pansanja, ndipo sizidawateteze ku makina, ku tsankho kapena ku njala ya pa sitalaka. Komabe zidawapatsa mau oyankhira bwana, nzeru zomangira zipatala ndi malaibulale ao, ndi mtima wothandiza kumasula dziko limene ambiri a iwo sadakakhalemonso. Wachinyamata amene watuluka m'sukulu naganiza kuti kuphunzira kwathera pomwepo, ndi mphunzitsi amene amakayika ngati kuwerengera ana mokweza kuli ndi phindu, angachite bwino kukumbukira kuti padali anthu osauka amene ankadula masenti 25 pa malipiro ao sabata iliyonse kuti amve buku, ndipo atalandidwa mwai umenewo adataya zida pansi ndi kutuluka m'fakitale.